Funsani Amisiri: Netiweki Ikadzaza, Chimatayika N'chiyani Ndipo Chimatayika Liti?

Makalata a mwezi uno akuzungulira nkhani imodzi: mafoni okanika kulowa, mawu odukaduka ndi mapaketi (tizidutswa ta data) osowera m'njira. Akuyankha ndi amisiri okonza ndi kuyeza netiweki. Mafunso ena tawafupikitsa.

Akonzi, usiku wa Chaka Chatsopano ndimayesa kuimbira abale anga koma foni silowa, chonsecho timizere ta netiweki tili todzaza. Zimatheka bwanji?
*Mayi wa ku Mangochi*

Mayi, timizere timeneti timangonena za mphamvu ya siginolo imene ikufika pa foni yanu kuchokera ku nsanja. Sitikuuzani ngati pa nsanjapo patsala malo. Minibasi ikhoza kuima pakhomo panu penipeni mipando yonse ili ndi anthu.

Titenge netiweki ya 2G, imene amisiri amaitcha GSM, chifukwa masamu ake ndi oonekera bwino. Chipangizo chilichonse chotumiza ndi kulandira mawu pa nsanja chimagwiritsa ntchito mpata wa wailesi wa 200 kHz. Nthawi ya mpata umenewu imadulidwa m'mafelemu a mamilisekondi 4.615, ndipo felemu iliyonse ili ndi tigawo 8 ta mamilisekondi 0.577. Foni yanu ikalowa imapatsidwa kagawo kake, n'kumalankhula m'kagawo kameneko felemu ndi felemu mpaka mutadula. Ngati mbali ya nsanja yoyang'ana kwanu ili ndi chipangizo chimodzi chokha, kagawo kamodzi kamapita ku mauthenga oyendetsera netiweki, n'kutsala 7. Woimba wa nambala 8 sakhala pamzere, amangobwezedwa.

Masamu ake anayambitsidwa ndi Agner Krarup Erlang, wa ku Denmark, amene ankagwira ntchito pa kampani ya matelefoni ya mumzinda wa Copenhagen. Analemba koyamba za nkhaniyi mu 1909, ndipo fomula yake ya mafoni obwezedwa inatuluka mu 1917. Muyeso wa katundu wa mafoni umatchedwa ndi dzina lake: erlang imodzi ndi njira imodzi (apa ndi kagawo kamodzi) yotanganidwa ola lathunthu. Mafoni 120 pa ola, iliyonse ya masekondi 90, akupanga masekondi 10,800. Mukagawa ndi 3,600 mupeza ma erlang 3.

Kuti mudziwe angati abwezedwa, tchulani katunduyo A, ndipo B(n) akhale mwayi wobwezedwa pamene njira zilipo n. Yambani ndi B(0) = 1, ndipo muziwonjezera njira imodziimodzi motere: B(n) = A × B(n−1) ÷ (n + A × B(n−1)). Pa ma erlang 3, manambala amatsika chonchi: 0.75, 0.529, 0.346, 0.206, 0.110, 0.052, ndipo pa njira ya 7 ndi 0.022. Tsiku wamba, ndiye kuti mafoni 2 pa 100 aliwonse amabwezedwa, ndipo ambiri sazindikira n'komwe. Oimba akawirikiza kawiri, katundu n'kufika ma erlang 6, obwezedwa safika 4 peresenti monga munthu angaganizire. Amafika 18.5 peresenti.

Ndiye pali khalidwe lathu tonse: foni ikakana timaimbanso pompopompo. Tiyerekeze kuti anthu 6 mwa 10 obwezedwa akuyesanso. Katundu wofika pa nsanja amakwera kufika pafupifupi ma erlang 7, ndipo foni imodzi mwa zinayi zilizonse imakana. Kuimbanso kumakhudza ngakhale khomo lolowera. Foni isanapatsidwe njira imayamba yagogoda pa kanjira kamene mafoni onse a m'deralo amagawana, ndipo mafoni awiri akagogoda m'kagawo kamodzi, kawirikawiri onse samveka. Kachitidwe kameneka ndi slotted ALOHA, kochokera ku ntchito ya Norman Abramson ku University of Hawaii, kamene Lawrence Roberts anakaika m'tigawo ta nthawi mu 1972. Ngakhale pabwino penipeni, tigawo tonyamula pempho lomveka sitiposa 36.8 peresenti, ndipo ogogoda akapitirira pamenepo omveka amayamba kuchepa.

Makampani amachepetsa vutoli potsegula half rate, imene imalola mafoni awiri kugawana kagawo kamodzi, mawu n'kumveka mofooka pang'ono. Njira zikakhala 14, katundu yemweyu wa ma erlang 6 amabweza 0.2 peresenti yokha. Inu chimene mungachite n'kupumira mphindi zingapo musanayesenso.

Ndikuphunzira uinjiniya wa zamagetsi. Aphunzitsi atipatsa mamodelo a mizere amene nthawi imayenda modumpha, kagawo ndi kagawo. Ngati fomula ya Erlang yagwira ntchito zaka zoposa 100, enawa ndi a chiyani?
*Wophunzira wa ku Blantyre*

Funso ili n'lofunika kuposa mmene ophunzira ambiri amalitengera. Erlang ankaganizira nthawi yoyenda ngati madzi a mumtsinje, mmene zinthu ziwiri sizichitika pa kamphindi kamodzimodzi. Zipangizo za digito zimayenda ndi wotchi. Chingwe cha matelefoni cha digito chotchedwa E1 chimanyamula 2.048 Mbit/s m'mafelemu a mamaikirosekondi 125, felemu iliyonse ili ndi tigawo 32, ndipo 30 mwa timeneti ndi ta mawu. Netiweki ya mtundu wa ATM (osati makina a ku banki) inkadula data yonse m'maselo ofanana a mabaiti 53, ndipo pa liwiro la 155.52 Mbit/s selo imodzi imatenga mamaikirosekondi pafupifupi 2.7. Mu 4G, nsanja imagawa mpata milisekondi iliyonse: ma resource block (tizigawo ta mpatawo) 50 ngati ili ndi 10 MHz, 100 ngati ili ndi 20 MHz. Chofika pakati pa kagawo chimadikira malire a kagawo kotsatira, ndipo pamalire amenewo zofika ndi zochoka zimakumana.

Kumene Erlang amakwanira n'kosavuta kudziwa. Foni ya masekondi 90 imadutsa mafelemu a GSM pafupifupi 19,500, choncho kudukaduka kwa nthawi sikusintha kanthu. Koma ngati ntchito yonse imatha m'kagawo kamodzi kapena tiwiri, monga paketi yodutsa mu switchi (chipangizo cholumikiza makompyuta pa netiweki), zochitika pamalire zija ndizo zimalamula yankho.

Onani chitsanzo chaching'ono kwambiri: njira imodzi, popanda malo odikirira. M'kagawo kalikonse, mwayi woti paketi ifike ndi p = 0.3, ndipo mwayi woti imene ikutumizidwa ithe ndi q = 0.5, kutanthauza kuti pa avareji paketi imakhala tigawo 2. Polemba motsatira zizindikiro zimene David Kendall anayambitsa mu 1953, modelo imeneyi ndi Geo/Geo/1/1. Tsopano muyenera kusankha: pamalire a kagawo, chimayamba n'chiti, kuchoka kapena kufika?

Ngati kuchoka kumayamba, paketi yatsopano ikhoza kulowa pamalo amene angosiyidwa kumene. Njira yopanda kanthu imadzazidwa ndi mwayi wa 0.3. Njira yotanganidwa imakhala yopanda kanthu pokhapokha paketi itachoka ndipo ina osafika, mwayi wake ndi 0.5 × 0.7 = 0.35. Choncho njira imatanganidwa 0.3 ÷ 0.65 ya nthawi, ndiyo 46.2 peresenti. Koma paketi yofika imatayika pokhapokha njira inali yotanganidwa ndipo sinamasuke: 0.462 × 0.5, ndiyo 23.1 peresenti.

Ngati kufika kumayamba, paketi yatsopano imapeza njira isanamasuke n'kutayika, ngakhale mnzakeyo achoke kamphindi kotsatira. Apa njira imatanganidwa 0.3 ÷ 0.8 ya nthawi, ndipo zotayika nazo ndi 37.5 peresenti. Nambala imeneyi ndi yomweyo imene fomula ya Erlang imapereka pa katundu wa 0.6 ndi njira imodzi.

Mapaketi ndi omwewo, liwiro ndi lomwelo, koma mayankho ndi 23.1 ndi 37.5. M'mabuku mupeza yoyambayo ikutchedwa early arrival system, ndipo yachiwiriyo late arrival system with delayed access. Palibe yolondola kuposa inzake. Yolondola ndi imene ikufanana ndi chipangizo chili patsogolo panu, ndipo zimenezo mumazidziwa powerenga mmene chipangizocho chimawerengera ndi kulembera mu memory pa kugunda kulikonse kwa wotchi. Onaninso kuti m'modelo yoyamba nthawi yotanganidwa ndi 46.2 pamene zotayika ndi 23.1. Ophunzira ambiri amazitenga ziwirizi ngati chinthu chimodzi chifukwa kwa Erlang zimafanana. Lembani nthawi zonse kuti mukuyang'ana mzere pa mphindi iti, kusanachitike kuchoka kapena kutachitika.

Ndimayang'anira netiweki ya pa ofesi. Girafu ikusonyeza kuti chingwe chathu cha 1 Gbit/s sichipitirira 40 peresenti, koma switchi ikuwerenga mapaketi otayika tsiku ndi tsiku. Kodi switchiyo yawonongeka?
*Mmisiri wa ku Lilongwe*

Achimwene, musathamangire kugula ina. Girafu yanuyo mwina imatenga avareji ya mphindi 5, pamene paketi ya mabaiti 1,500 imadutsa pa chingwe cha 1 Gbit/s m'mamaikirosekondi 12. M'mphindi 5 muli tigawo totere 25 miliyoni. Paketi sitayika chifukwa cha avareji. Imatayika m'kagawo kamene yafika n'kupeza malo odikirira atadzaza.

Tiyerekeze makompyuta awiri, iliyonse pa chingwe cha 1 Gbit/s, akutumiza ndi mphamvu zonse ku khomo limodzi lotulukira kwa mamilisekondi 10 okha. Zolowa ndi 2 Gbit/s, zotuluka ndi 1 Gbit/s, zotsala ndi 1.25 MB, ndiwo mapaketi oposa 800. Khomo limene gawo lake la buffer (malo odikirira mapaketi) ndi locheperapo limataya, ndipo pa girafu ya mphindi 5 mamilisekondi 10 amenewo saoneka.

Mwa masamu a tigawo zili chonchi. Khomo limatulutsa paketi imodzi pa kagawo. Gwero loyamba limatumiza paketi imodzi kapena osatumiza, mwayi wake theka: palibe mzere umene umayamba. Gwero lachiwiri limatumiza mapaketi 2 pa kagawo kwa tigawo 10, kenako chete kwa tigawo 30. Avareji ya onse awiri ndi 0.5. Koma kwa lachiwirili mzere umakula ndi paketi imodzi kagawo kalikonse mpaka kufika 10, ndipo ngati malo odikirira ndi 5, mapaketi pafupifupi 5 mwa 20 atayika. Data yeniyeni imafanana ndi gwero lachiwiri. Mu 1993, Leland, Taqqu, Willinger ndi Wilson anasonyeza ndi miyeso ya netiweki ya makompyuta (Ethernet) ya ku kampani yofufuza ya Bellcore kuti kubwera mwa magulumagulu kumeneku sikusalala ngakhale mutakulitsa nthawi yoyezera.

Choyamba onani mtundu wa zotayikazo. Output drops kapena discards zimanena za kudzaza. CRC errors, ndiwo mapaketi ofika atawonongeka, zimanena za chingwe, pulagi kapena kuwala kofooka mu faiba, ndipo mankhwala ake ndi ena. Kenako lembani chiwerengerocho sekondi iliyonse kuti muone ngati chimadumpha pa nthawi zodziwika, monga pamene makompyuta akusunga backup kapena makamera akutumiza zithunzi zathunthu onse pamodzi. Onaninso ngati pali khomo la 10 Gbit/s limene likuthira mu la 1 Gbit/s. Nthawi zambiri kusiyanitsa nthawi za ntchito zolemerazo kumathetsa vuto popanda kugula kanthu.

Ngati mapaketi amatayika chifukwa buffer yadzaza, bwanji osangoika yaikulu kwambiri?
*Wowerenga wa ku Chipata*

Chifukwa buffer imachiza matenda amodzi okha, ndiwo kusefukira kwa kanthawi kochepa. Tibwerere ku modelo ya p ndi q, koma tsopano yokhala ndi malo odikirira. Malo alionse owonjezera amachulukitsa mwayi wa kusefukira ndi nambala r = p(1−q) ÷ q(1−p), pafupifupi. Tisunge q pa 0.5. Ngati p ndi 0.4, chingwe chili ndi katundu wa 80 peresenti, r ndi 0.667, ndipo malo 17 owonjezera amatsitsa zotayika ka 1,000. Ngati p ndi 0.45, pakufunika malo 35. Ngati p ndi 0.49, pakufunika 173. Ndipo p ikafika 0.6, zolowa zaposa zotuluka: paketi imodzi mwa 6 iliyonse iyenera kutayika ngakhale buffer ikhale ya malo miliyoni. Kukula kwake kumangochedwetsa tsiku lodzaza, kenako paketi iliyonse imadikira mzere wonsewo.

Kudikirako kumakwera mofanana. Karol, Hluchyj ndi Morgan anawerengera mu 1987 switchi ya makomo ambiri imene mizere yake ili potulukira, mapaketi onse ali ofanana. Avareji ya kudikira ndi tigawo p ÷ 2(1−p), pamene p ndi katundu wa khomolo: theka la kagawo pa 50 peresenti, tigawo 2 pa 80, 4.5 pa 90, 9.5 pa 95 ndi 49.5 pa 99. N'chifukwa chake amisiri amayamba kukonzekera kukulitsa chingwe chisanafike kumapeto kwake. Ntchito yomweyi inasonyezanso kuti mizere wamba ikaikidwa polowera, paketi ya kutsogolo imatsekereza anzake ndipo switchi yaikulu siposa 58.6 peresenti ya mphamvu zake.

Tsopano ganizirani rauta (chipangizo cholumikiza nyumba ndi intaneti) ya pakhomo imene imatumiza 1 Mbit/s kupita kunja ndipo ili ndi buffer ya 256 KB. Wina akayamba kutumiza kanema, TCP, ndondomeko yoyendetsera katumizidwe ka data, imawonjezera liwiro mpaka itaona paketi yotayika, ndiye kuti imadzaza buffer yonse. Kuikhuthula kumatenga masekondi oposa 2. Foni ya pa WhatsApp yodutsa pomwepo imadikira masekondi amenewo, pamene malangizo a dziko lonse a zamatelefoni, ITU-T G.114, amati kukambirana kumayenda bwino mawu akamafika mkati mwa mamilisekondi 150. Vutoli Jim Gettys analitcha bufferbloat. Palibe paketi ya mawu imene yatayika, koma yofika mochedwa chonchi ilibenso ntchito.

Muyeso wakale wa kukula kwa buffer ndi liwiro la chingwe kuchulukitsa ndi nthawi imene paketi imatenga kupita ndi kubwerako. Pa 10 Mbit/s ndi mamilisekondi 100, ndi 125 KB, mapaketi pafupifupi 83. Pa zingwe zikuluzikulu zonyamula anthu ambirimbiri, Appenzeller, Keslassy ndi McKeown anasonyeza mu 2004 kuti yocheperapo kwambiri imakwanira. Koma ife timaona kuti chothandiza kwambiri pakhomo ndi pa ofesi n'kuyeza nthawi yodikira m'malo mwa kutalika kwa mzere. CoDel, njira yoyendetsera mzere imene Kathleen Nichols ndi Van Jacobson anafalitsa mu 2012, imayamba kutaya paketi mwadala ngati kudikira kwakhala pamwamba pa mamilisekondi 5 kwa mamilisekondi 100 otsatizana, kuti wotumizayo abweze moto msanga. Pa rauta yoyendera pulogalamu ya OpenWrt tsegulani SQM, gawo loyendetsera mizere, sankhani fq_codel kapena cake, ndipo muike liwiro pa 90 mpaka 95 peresenti ya limene mwayeza. Mukaika lopitirira, mzere umasamukira mu modemu kumene simungaulamulire. Ngati intaneti yanu ndi ya 4G, yezani madzulo pamene liwiro latsika, osati m'mamawa.

Foni imaduka ndikamayenda pa basi, makamaka tikamalowa m'tauni. Kodi ndi kudzaza komweku?
*Bambo wa ku Mzuzu*

Nthawi zina ndi mapiri, bambo, koma polowa m'tauni kudzaza n'kotheka ndithu. Basi ikamachoka m'dera la nsanja ina, foni yanu imapempha njira pa nsanja yotsatira, ndipo ikapeza zonse zili ndi anthu imagwiritsitsa yakale mpaka siginolo itatha.

Kudula munthu ali pakati polankhula kumapweteka kuposa kubweza amene sanayambe, choncho amisiri amatha kusungira oyenda njira yapadera. Titenge njira 7 zija ndi ma erlang 3, awiri a mafoni atsopano ndi imodzi ya ochokera ku nsanja zina. Popanda kusunga, onse amabwezedwa mofanana, 2.2 peresenti. Njira imodzi ikasungidwa, mafoni oduka m'njira amatsika kufika 0.7 peresenti, koma atsopano obwezedwa amakwera kufika 5.9 peresenti. Mtengo wake ndi umenewo, ndipo pa nsanja ya njira zochepa kusunga ziwiri kumalanga kwambiri anthu a m'deralo.

Pulogalamu yoyezera imati tikutaya mapaketi 2 peresenti. Masiku ena mawu amamveka bwinobwino, masiku ena amadukaduka, koma nambala ndi yomweyo. Tikhulupirire chiyani?
*Mphunzitsi wa ku Zomba*

Khulupirirani makutu anu, aphunzitsi. Nambalayo ndi yoona, koma sikukuuzani ngati zotayikazo zili zomwazika kapena zotsatizana.

Edgar Gilbert anapereka modelo ya zimenezi mu 1960, ndipo E. O. Elliott anaikulitsa mu 1963. Njira imakhala m'mikhalidwe iwiri, wabwino ndi woipa, ndipo pa paketi iliyonse ikhoza kusamuka. Titenge mtundu wosavuta umene paketi iliyonse ya mu woipa imatayika. Tsiku loyamba, mwayi wolowa mu woipa ndi 0.01 ndipo wotulukamo ndi 0.5. Zotayika ndi 0.01 ÷ 0.51, pafupifupi 2 peresenti, ndipo pa avareji zimatayika ziwiri motsatizana. Tsiku lachiwiri, wolowa ndi 0.002 ndipo wotuluka ndi 0.1. Zotayika ndi 0.002 ÷ 0.102, nambala yomweyo, koma tsopano zimatayika 10 motsatizana.

Paketi ya mawu kawirikawiri imanyamula mamilisekondi 20. Imodzi kapena ziwiri zikasowa, pulogalamu imadzaza mpatawo potengera mawu amene angodutsa ndipo khutu silimva kanthu. Zikasowa 10, patayika mamilisekondi 200, chidutswa chathunthu cha liwu, ndipo palibe chodzazira. Buffer yodzaza imataya motsatizana chonchi, chifukwa ikadzaza imakhala yodzaza kwa kanthawi.

Poyeza, musatumize ping (kapaketi koyesera) imodzi pa sekondi, chifukwa mpata wa mamilisekondi 200 umadutsa pakati pa ma ping awiri osaoneka. Tumizani mapaketi ang'onoang'ono 50 pa sekondi, monga foni yeniyeni imachitira, ndipo mulembe zinthu ziwiri: angati atayika, ndiponso magulu a zotayikazo ndi angati. Mukagawa choyamba ndi chachiwiri mupeza avareji ya kutalika kwa gulu, ndipo 1 mukamugawa ndi avareji imeneyo mupeza mwayi wotuluka mu mkhalidwe woipa.

Ndikufuna kuyerekeza mzere woterewu pa kompyuta pa ntchito yanga ya chaka chomaliza. Ndiyambire pati, ndipo ndisamale chiyani?
*Wophunzira wa ku Thyolo*

Ubwino wa nthawi ya tigawo ndi woti pulogalamu yake ndi yaifupi. Mizere 20 ya Python ikukwanira, ngakhale Excel imatha pa zoyesa zazing'ono. Sungani nambala imodzi yokha, ya mapaketi amene ali m'kati. Pa kagawo kalikonse, yambani ndi njira zotanganidwa: iliyonse muitolere nambala ya mwamwayi ya pakati pa 0 ndi 1, ndipo ikachepera q muimasule. Kenako tolani nambala ina, ikachepera p ndiye kuti paketi yafika, ndipo muiwerenge. Ngati pali njira kapena malo odikirira ilowe, ngati palibe muiwerenge kuti yatayika. Bwerezani zimenezi kambirimbiri.

Musanawonjezere chilichonse, yesani pulogalamuyo pa funso limene yankho lake mukulidziwa. Ikani njira imodzi, malo odikirira 0, p = 0.3 ndi q = 0.5, ngati m'yankho la mnzanu wa ku Blantyre. Pa tigawo 1 miliyoni muyenera kupeza pafupifupi 23.1 peresenti. Mukapeza 6.9, ndiye kuti mwagawa zotayika ndi chiwerengero cha tigawo m'malo mwa mapaketi ofika, cholakwa chofala kwambiri. Kenako tembenuzani kuti kufika kuziyamba, ndipo muyenera kupeza 37.5. Apa pali msampha: mukalola paketi yongofika kumene kuti ichoke m'kagawo komweko, yankho limabwerera pa 23.1 ndipo mudzaganiza kuti kutembenuzako sikusintha kanthu. Lembani kaye ngati njira inali yotanganidwa kagawo kasanayambe, ndipo muzimasula yokhayo.

Mzere wanu umayamba wopanda kanthu, pamene netiweki yeniyeni siyamba choncho. Tayani tigawo toyambirira musanayambe kuwerenga, ndipo katundu akayandikira 100 peresenti mutaye tochuluka, chifukwa mzere umatenga nthawi yaitali kuti ukhazikike. Yendetsani pulogalamuyo ka 10 kapena ka 20 ndi seed (nambala yoyambira kutola mwamwayi) zosiyana, ndipo mupereke avareji pamodzi ndi kusiyana kwa mayankhowo. Tigawo toyandikana timafanana, choncho kuwerenga kagawo kalikonse ngati umboni wapawokha kumakupatsani chidaliro chabodza.

Chovuta chenicheni ndi zotayika zosowa. Kuti yankho lisaphonye ndi zoposa 10 peresenti ya kukula kwake, muyenera kuona zotayika pafupifupi 100, ndipo zikamabwera m'magulu zimafunika zochulukirapo. Kuyeza paketi imodzi yotayika pa miliyoni kumafuna mapaketi osachepera 100 miliyoni. Ngati mwatumiza mapaketi 30,000 osaona yotayika, musalembe kuti zotayika ndi 0. Gawani 3 ndi 30,000, ndipo mulembe kuti zili pansi pa imodzi pa 10,000, ndi chidaliro cha 95 peresenti.

Pa manambala aang'ono chonchi, siyani kutola mwamwayi ndipo muwerengere mwachindunji. Mzere wokhala ndi malo K, kuphatikizapo njira yotumizira, uli ndi mikhalidwe K + 1, kuyambira 0 mpaka K. Lembani tebulo la mwayi wosamuka kuchoka mu mkhalidwe uliwonse kupita mu wina, ndipo muonetsetse kuti mzere uliwonse wa tebulolo ukuphatikizana kukhala 1. Yambani ndi mwayi wofanana pa mikhalidwe yonse, muchulukitse ndi tebulolo mobwerezabwereza mpaka manambala atasiya kusintha pa malo a nambala 12 pambuyo pa kadontho. Ngati kuchoka kumayamba, zotayika ndi mwayi wa mkhalidwe K kuchulukitsa ndi 1−q. Ngati kufika kumayamba, ndi mwayi wa mkhalidwe K wokha. Yerekezani yankho limeneli ndi la pulogalamu yotola mwamwayi pa K = 3 kapena 5, pamene zotayika n'zambiri ndipo njira zonse ziwiri n'zodalirika, musanakweze K kufika 50 kapena 100.